Cheke chili m'manja, nanga ndalama zichedwerenji?

Munthu walandira cheke. Dzina lake lalembedwa bwinobwino, ndalama zalembedwa m'manambala ndi m'mawu, wolipira wasaina pansi. Amanyamuka ulendo wa kubanki ali ndi chikhulupiriro choti abwerako ndi ndalama m'thumba. Kumeneko amakumana ndi zinthu ziwiri zimene zimakwiyitsa anthu ambiri. Amamufunsa chiphaso, nthawi zina ziwiri, kenako amamuuza kuti abwerenso pakapita masiku angapo. Ena amatuluka akung'ung'udza kuti banki ikungofuna kuvutitsa anthu, ena amati ikufuna iyambe yapindula ndi ndalamazo isanazipereke.

Koma kalaliki wa pakauntala amakhala ali ndi mafunso awiri osiyana m'mutu mwake. Loyamba: kodi munthu waima apayu ndi yemwe walembedwa pachekechi? Lachiwiri: kodi ndalama zimene pepalali likulonjeza zilipodi? Chiphaso chimayankha funso loyamba lokha. Kudikira n'kumene kumayankha lachiwiri. Njira iliyonse yopezera ndalama msanga imatheka pa chifukwa chimodzi mwa ziwiri: amene akukusinthirani chekeyo ali pamalo oti angayankhe funso lachiwirilo pompopompo, kapena wavomera kupereka ndalama zake funsolo lisanayankhidwe, ndipo zoterozo sachita ulere.

Cheke ndi uthenga, si ndalama

Cheke ndi kalata yachidule imene mwini akaunti amalembera banki yake, kuilamula kuti ipereke ndalama zakutizakuti kwa munthu wakutiwakuti. Nkhaniyi imakhudza atatu: wolemba, banki yosunga ndalama zake, ndi wolandira. Tiyerekeze kuti mwasungitsa katundu kwa mnzanu, ndiye mwalemba kapepala kuti, "Amene wabwera ndi kalatayi mumupatse matumba awiri." Wonyamula kapepalako sanalandire matumba. Walandira chilolezo chokawapempha. Ngati kosungirako kwatsala thumba limodzi, kapena mwini katundu watumiza uthenga wina woletsa, kapepalako kamangokhala kapepala.

Mchitidwewu ndi wakale. Chimodzi mwa macheke akale kwambiri amene akusungidwabe ku England chinalembedwa mu London m'chaka cha 1659, cholamula Morris ndi Clayton, omwe ankasunga ndalama za anthu, kuti alipire mapaundi 400. Chinali cholembedwa pamanja chonse, ngati kalata wamba. Mu 1882 dziko la Britain linakhazikitsa lamulo la Bills of Exchange Act, lomwe linafotokoza cheke kuti ndi lamulo lopita kubanki, loyenera kulipidwa nthawi yomwe laperekedwa. Mayiko ambiri omwe ankalamulidwa ndi Britain anatengera lamuloli, n'chifukwa chake macheke amayendera njira zofananako m'mayiko otalikirana.

Zolembedwa pacheke zimene zimatsegula kapena kutseka khomo

Musanaganize zothamangira kulikonse, chekecho chimakuuzani chokha zomwe zingatheke. Pali cheke cholipira aliyense wachinyamula. Chimenechi chili ngati ndalama yomwe: chikagwa m'njira, wochitola angayese kukatapa. Pali cholipira munthu wotchulidwa dzina, kapena wina amene munthuyo wamusankha posaina kumbuyo. Ndiye pali cheke chodulidwa mizere iwiri kutsogolo kwake. Mizereyo imatanthauza kuti pakauntala sapereka ndalama m'manja, chekecho chiyenera kudzera mu akaunti. Pakati pa mizerepo pakalembedwa mawu oti "account payee", ndiye kuti akauntiyo iyenera kukhala ya mwini dzina basi, osati ya m'bale wake kapena ya mnzake.

Mizereyi inachokera kwa makalaliki a mabanki a mu London, omwe ankalemba dzina la banki yawo modutsa pacheke kuti adziwe komwe ndalama zikupita. Pambuyo pake anthu anaona kuti chizindikirocho chimatetezanso kwa akuba. Mawu oti "account payee" anapatsidwa mphamvu yeniyeni ya lamulo ku Britain mu 1992. Ku United States mizereyi siigwiritsidwa ntchito kwenikweni. Kumeneko wolandira amalemba kumbuyo kuti chekecho n'choika mu akaunti basi.

Apa m'pamene anthu ambiri amatayira nthawi. Munthu wa cheke chodulidwa mizere akhoza kubweretsa pasipoti, laisensi ndi mboni zitatu, koma pakauntala sadzamuwerengera ndalama, chifukwa wolembayo ndiye analetsa. Vuto silili pachiphaso.

Tsiku lolembedwa pacheke nalonso limawerengedwa. M'mayiko ambiri banki ikhoza kukana cheke chomwe chapitirira miyezi isanu ndi umodzi. Ku India nthawiyi inachepetsedwa kufika miyezi itatu kuyambira mu April 2012. Manambala akasiyana ndi mawu, kapena pakakhala pofufutidwa popanda siginecha ya wolemba, chekecho chimabwezedwa kawirikawiri ngakhale ndalama zilipo.

Chiphaso: chifukwa chake, ndi chimene chimavomerezeka

Kufunsa chiphaso kuli ndi mizu iwiri. Muzu wakale ndi woti banki imadziteteza. Ikalipira cheke chokhala ndi siginecha yabodza ya mwini akaunti, m'malamulo a mayiko ambiri siiloledwa kuchotsa ndalamazo mu akaunti yake, ndiye kutayako kumagwera bankiyo. Ikapereka ndalama mosasamala kwa munthu wolakwika, mwini dzina weniweni angaisumire. Kale, pamene woyang'anira banki ankadziwa makasitomala ake onse pankhope, chiphaso chinali maso ake. Mabanki atakula, nkhope inalowedwa m'malo ndi pepala.

Muzu wachiwiri ndi wa malamulo olimbana ndi kubisa ndalama zopezeka mwaupandu. Mu 1970 dziko la United States linakhazikitsa Bank Secrecy Act, lomwe limakakamiza mabanki kusunga mbiri ya ntchito zawo ndi kupereka lipoti kuboma pa ndalama zam'manja zochuluka. Malire ake ndi madola 10,000. Mu 1989, pamsonkhano wa mayiko asanu ndi awiri olemera, otchedwa G7, ku Paris, kunabadwa bungwe la Financial Action Task Force, mwachidule FATF, ndipo chaka chotsatira linatulutsa mfundo 40 zoti mayiko azitsatira. Pakati pa mfundozo pali yoti banki izidziwa kasitomala wake. Zigawenga zitaukira New York ndi Washington mu September 2001, malamulowa anakhwima kwambiri, ndipo lero mayiko ochuluka padziko lapansi amayenderedwa kuona ngati akutsatira mfundozi. Choncho kalaliki amene akukufunsani chiphaso, ngakhale amakuonani mwezi ndi mwezi, sikuti wakuiwalani. Iyenso ali ndi omufunsa.

Nanga chiphaso chovomerezeka n'chotani? Mabanki amasiyana pa zing'onozing'ono, koma zikuluzikulu n'zofanana. Chikhale chochokera kuboma, chokhala ndi chithunzi, chosatha ntchito, ndipo chikhale chenichenicho, osati chojambula pamakina. Zodziwika ndi pasipoti, chiphaso cha unzika ndi laisensi yoyendetsera galimoto. Kwa mlendo, chilolezo chokhalira m'dziko chimathandiza. Ziphaso za kuntchito kapena za kusukulu, khadi ya banki, kapena bilu ya magetsi yosonyeza kumene munthu amakhala, nthawi zambiri zimangokhala zochirikiza chiphaso chachikulu. Amazifuna ndalama zikakhala zambiri kapena munthu akakhala wosadziwika pabankipo. Mabanki ena amapempha amene alibe akaunti kuti adinde chala pacheke.

Zoti chiphaso chotha ntchito chimakanidwa zimamveka zopanda nzeru poyamba, poti nkhope ya munthu siitha ntchito tsiku lomwe khadi yatha. Maganizo a mabanki ndi oti chiphaso chakale chikhoza kukhala kuti mwini wake anachitaya atalandira chatsopano, ndiye chili m'manja mwa wina. Mfundoyo ili ndi mutu, ngakhale kuti amene amavutika nayo kawirikawiri ndi munthu woona mtima yemwe anangochedwa kukonzetsa chiphaso.

Chokhumudwitsa china ndi dzina. Pacheke palembedwa dzina la kuukwati, pachiphaso pali la kwa makolo. Wolemba anafupikitsa dzina, kapena anaphonya chilembo chimodzi. Nthawi zina chikalata cha ukwati kapena chosinthira dzina chimathetsa nkhani, nthawi zina njira yachidule ndi kubwerera kwa wolemba kuti alembe china. Cheke chikalembedwa mayina a anthu awiri olumikizidwa ndi mawu oti "ndi", onse awiri amafunika kusaina, ndipo banki ingafune kuwaona onse. Chikalembedwa dzina la kampani, chiphaso cha mwini kampani pachokha sichikwanira, chifukwa pamaso pa lamulo kampani ndi munthu wina.

Kudikira: ulendo umene cheke chimayenda

Mukaika cheke mu akaunti yanu koma chinalembedwa ndi kasitomala wa banki ina, banki yanu siiona akaunti ya wolembayo. Iyenera kutumiza chekecho kubanki yake, kukafunsa ngati siginecha ndi yake, ngati ndalama zilimo, ngati sanaletse. Ulendo umenewu ndi umene anthu amati cheke chikukiliya.

Poyamba unali ulendo wa miyendo. Makalaliki a mu London ankayenda banki ndi banki atanyamula macheke, mpaka cha m'ma 1770 pamene anayamba kukumana malo amodzi, panyumba yomwera ya Five Bells mumsewu wa Lombard, n'kumasinthana macheke ndi kulipirana zotsala zokha. Kumeneko n'kumene kunayambira nyumba zosinthanirana macheke. M'zaka za m'ma 1950 macheke atachuluka kuposa manja owawerenga, Bank of America ndi Stanford Research Institute anapanga makina owerenga manambala osindikizidwa ndi inki ya maginito. Manambala ooneka modabwitsa aja m'munsi mwa cheke anachokera kumeneko. Komabe pepalalo linkayenera kunyamulidwa pagalimoto kapena pandege.

Chimene chinafupikitsa ulendowu ndi chithunzi. Lamulo la Check 21, lomwe linayamba kugwira ntchito ku United States mu October 2004, linalola mabanki kutumizirana zithunzi m'malo mwa mapepala. Britain inayamba njira yotereyi mu 2017, ndipo cheke chomwe kale chinkatenga masiku asanu ndi limodzi ogwira ntchito kuti chitsimikizike tsopano chimatha pofika usiku wa tsiku lotsatira logwira ntchito.

Pali kusiyana kumodzi kofunika kukumvetsa bwino, chifukwa n'kumene akamberembere amadyerapo. Ndalama kuoneka mu akaunti si chimodzimodzi ndi cheke kulipidwa. Ku United States, mwachitsanzo, lamulo la mu 1987 limakakamiza mabanki kulola kasitomala kutapa ndalama pakangopita masiku owerengeka, ndipo kagawo koyamba tsiku lotsatira. Koma cheke chabodza chikhoza kudziwika patapita masabata. Chikadziwika, banki imabweza ndalama zonse mu akaunti ya amene anachiika. Ndiye wachinyengo amatumiza cheke cha ndalama zopitirira zomwe munagwirizana, n'kukupemphani kuti mumubwezere zapamwambazo mwamsanga. Inu mukaona ndalama zalowa mumatumiza zanu zenizeni, ndipo cheke chikabwezedwa ngongole imatsala nanu. Chiphaso chanu chinali chabwinobwino, funso loyamba linayankhidwa. Lachiwiri lija ndi lomwe linali lisanayankhidwe.

Njira zofulumira, ndi chimene iliyonse imafuna

Njira yachangu kuposa zonse, ngati cheke chilibe mizere, ndi kupita kubanki ya wolemba, yomwe dzina lake lasindikizidwa pachekepo. Imeneyi ndi yokhayo imene ingayankhe mafunso onse awiri nthawi imodzi: siginecha ili nayo, akaunti ikuiona. Ndalama zikakhalamo, munthu angatuluke nazo tsiku lomwelo. Poti siikukudziwani, imakhwimitsa pachiphaso, ikhoza kuimbira foni wolembayo, ndipo mabanki ena amalipiritsa amene si kasitomala wawo. Ndalama zikakhala zambiri, nthambi yaing'ono ingakhale ilibe zokwanira m'kabati, choncho kudziwitsa pasadakhale kumathandiza.

Kubanki yanu chiphaso sichivuta kwenikweni, poti anakufufuzani kale potsegula akaunti. Vuto ndi nthawi. Wolemba akakhala wa banki yomweyo, zimatha msanga. Akakhala wa kwina, mumadikira, ndipo kudikirako kumatalika akaunti ikakhala yatsopano, ndalama zikakhala zambiri, kapena macheke anu akale akakhala kuti ankabwezedwa. Banki ina ingakupatseni ndalama lero ngati mu akaunti mwanu muli kale zokwanira kubweza chekecho chikavuta. Kunena zoona, pamenepo imakhala ikukupatsani ndalama zanu zomwe.

Kujambula cheke ndi foni kudzera pa apu ya banki, komwe kunayamba kufala cha m'ma 2009, kumachotsa ulendo ndi mzere koma sikuchotsa kudikira. Chiphaso chake ndi nambala yanu yachinsinsi, chala kapena nkhope. Makampani ena amalonjeza ndalama m'mphindi zochepa mukalipira kagawo, kapena kudikira masiku mwaulere. Mitengo iwiriyo ikaikidwa pamodzi imaonetsa poyera chimene munthu akugula.

Kenako pali mabizinesi osintha macheke, omwe ku United States anayamba kukula m'zaka za m'ma 1930, nthawi imene mabanki ambiri anagwa. M'mayiko ena masitolo akuluakulu amachitanso ntchitoyi. Iwowa amakupatsani ndalama zawo lero, n'kukadikira okha. Tiyerekeze kuti akudula 3 pa 100 iliyonse: pacheke chimodzi sizioneka zambiri, koma munthu wosintha malipiro ake mwezi uliwonse amakhala atasiya kumeneko ndalama zopitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro a mwezi wathunthu chaka chikamatha. Mtengo umatsatira chiopsezo. Cheke cha boma kapena cha malipiro a kuntchito chimadulidwa pang'ono, cha munthu wamba chimadulidwa kwambiri kapena kukanidwa kumene. Otsutsa mabizinesiwa amati amadyera masuku pamutu anthu osauka. Owateteza amati mtengo wawo umalembedwa poonekera, amatsegula nthawi imene mabanki atseka, ndipo amalandira anthu amene mabanki anawakana. Zonse ziwiri zili ndi umboni wake. Chiphaso nawonso amafuna, chifukwa malamulo aja amawakhudza.

Kusainira cheke kwa m'bale amene ali ndi akaunti kumatheka pokhapokha ngati chekecho chikulola, ndipo mabanki ambiri masiku ano amakana kapena amafuna nonse awiri mufike. M'baleyo adziwenso kuti cheke chikabwezedwa, ndalama zidzachotsedwa mwa iye.

Pali njira zina zoyambira kwa wolipira. Angagule cheke cholembedwa ndi banki yomwe, chimene ndalama zake zachotsedwa kale mu akaunti yake. Chimenechi chimadalirika kwambiri, ngakhale kuti achinyengo amakonda kupanga zabodza za mtundu womwewu chifukwa cha kudalirikako. Kapena angasiye cheke n'kutumiza ndalama mwachindunji ku akaunti kapena pafoni, zomwe nthawi zambiri zimafulumira kuposa njira zonse tatchulazi.

Amene alibe chiphaso

Zonsezi zikuyankhula ndi munthu amene ali ndi khadi m'thumba. World Bank inayerekezera kuti mu 2021 anthu pafupifupi 850 miliyoni padziko lapansi analibe chiphaso cha boma, ndipo kafukufuku wake wa mu 2021 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 1.4 biliyoni analibe akaunti. Munthu wotere akalandira cheke chodulidwa mizere amazungulira pamalo amodzi: cheke chikufuna akaunti, akaunti ikufuna chiphaso, chiphaso chikufuna chikalata cha kubadwa chomwe mwina sichinalembedwepo.

FATF yomwe imavomereza kuti kufufuza kuzilingana ndi kukula kwa chiopsezo, ndipo mayiko ena amalola maakaunti a ndalama zochepa otsegulidwa ndi umboni wopepuka. India inasankha njira ina. Kuyambira mu 2010 inayamba kupereka nambala za Aadhaar zolumikizidwa ndi zidindo za zala ndi maso, ndipo anthu oposa biliyoni imodzi ali nazo. Zinathandiza kutsegula maakaunti mofulumira, koma zinafikanso kukhoti lalikulu la dzikolo pa nkhani ya chinsinsi cha anthu.

Mafunso amene sanayankhidwebe

Cheke chenichenicho chikuchoka m'mayiko ena. Namibia inasiya macheke mu 2019, South Africa kumapeto kwa 2020, mabanki akuluakulu a ku New Zealand mu 2021, ndipo Australia yalengeza kuti idzasiya kuwalandira mu 2029. Koma Britain, yomwe inakonza zowathetsa pofika 2018, inabweza ganizolo mu 2011 okalamba, mabungwe achifundo ndi mabizinesi ang'onoang'ono atadandaula. Kodi amene amadalirabe pepala adzapatsidwa chiyani m'malo mwake, ndipo ndani adzalipira kusinthako?

Funso lina ndi la nthawi yodikira. Ngati chithunzi chimafika kubanki ina m'kanthawi kochepa, n'chifukwa chiyani m'malo ambiri munthu amadikirabe masiku? Mabanki amati chinyengo sichioneka pachithunzi chokha, ndipo mwini akaunti amatenga nthawi kuti azindikire kuti cheke chake chinabedwa. Olankhulira makasitomala amati kuchedwako kumapweteka kwambiri anthu amene alibe ndalama zina zodikirira, ndipo n'kumene kumawakankhira kwa osintha macheke. Malire oyenera ali pati?

Palinso za kutaya. Munthu akanamizidwa ndi cheke chabodza banki itamuonetsa ndalama mu akaunti, kodi mlandu wonse ukhale wake, kapena banki isenzeko gawo chifukwa mawu ake anamupatsa chikhulupiriro? Ndipo pamene chiphaso chikusamukira mufoni, n'kukhala nkhope ndi chala, makompyuta nawonso akuphunzira kupanga nkhope ndi ziphaso zabodza zovuta kuzisiyanitsa ndi zenizeni. Khadi ikabedwa munthu amakatenga ina. Nanga chidindo cha chala chikabedwa m'makina a kampani, adzamupatsa chala chiti?